Atelala ndi Galimoto Yosadwala

Mwa anthu onse amene ndakhala nawo pa dziko lino, sindinaonepo wina amene anazunzika ndi chinthu chabwino monga anazunzikira alamu anga, Atelala. Iwo anakwatira mlongo wanga, amene anatisiya zaka zapitazo, ndipo ngakhale maliro anatha, chilamu chathu sichinathe. Ndikulemba izi atandiloleza. Anangondipempha kuti nkhani ya girizi ndiisiye, pempho limene, mwaulemu wonse, ndalephera kulisunga.

Atelala anakulira pa makina osokera. Shopu yawo ndi kachipinda kopapatiza koyang'anana ndi pokwerera mabasi, mmene masuti osamaliza amalendewera kudenga ngati anthu odikira chiweruzo. Munthu wake ndi wamtali, woonda, tepi m'khosi, choko kukhutu, mapini pakamwa. Mwina mapiniwo ndiwo anawaphunzitsa kusunga mawu, pakuti moyo wawo wonse sananenepo chinthu molunjika. Kasitomala akanenepa, sankamuuza kuti wanenepa. Ankati, "Nsalu za masiku ano zimabwerera, bwana."

Anali ndi galimoto yakale imene tonse tinkaitcha Chifuwa, chifukwa m'mawa uliwonse inkayamba yatsokomola kaye, kuyetsemula, kenako n'kulingalira ngati ulendowo unali woyenera. Chitseko cha dalaivala chinkatseguka pokhapokha ukachitsegulira panja. Hutala inkalira ikafuna yokha, makamaka podutsa apolisi. Sabata sinkatha Chifuwa osathyola kanthu.

Tsono kuseri kwa galaja ya a Jeke, makaniko wa m'dera lathu, kuli sitolo ya masipeya, atsopano ndi akale omwe. Mwini wake ndi mayi wamasiye, wojintcha, wa mawu aakulu ndi kuseka kogwedeza mashelefu, amene aliyense amawatcha Amasipeya. Chifuwa akathyola kanthu, Atelala ankakachotsa, kukakulunga m'kansalu kotsala pa suti, kuvala jekete, n'kukakayala pa kauntala ngati mphatso.

"Lero wadwala pati mwana wanuyu, Atelala?"

"Kafanibeluti, mayi. Kangotopa."

"Katopa! Kameneka kanafa ine ndili kusukulu."

Amasipeya ankakwera makwerero, kutsika ndi fanibeluti, kenako n'kuthira tiyi m'makapu awiri. Nkhani ya fanibeluti inkatha tiyi atazizira, dzuwa litapendeka. Zinayenda chomwecho kwa zaka, ndipo palibe mwa awiriwa amene anatchulapo china choposa chitsulo.

Tsoka linadzera m'chikondi cha ana. Tsiku lina Chifuwa anafera pakati pa mphambano mvula ikukhuthuka, ndipo mwana wamkazi wa Atelala, amene timamutcha Namwino chifukwa cha ntchito yake, anaona bambo ake akukankha galimoto atavala suti. Anakambirana ndi mchimwene wake. Anafufuza pa foni, nafunsa anzawo, mpaka anapeza galimoto imene akatswiri anaipatsa nyenyezi zisanu zonse, imene eni ake m'mayiko osiyanasiyana ankaitama kuti sidziwa njira ya ku galaja. Anabwera nayo itamangidwa riboni pa boneti. Chifuwa anagulitsidwa kwa bambo wina woweta nkhuku, amene ankafuna poikira mazira.

Ndichitire umboni kuti poyamba Atelala anakondwa. Anavina pabwalo, tepi ikuuluka m'khosi. Anandikweza, nakhudza kabatani ndi chala chimodzi.

"Alamu, mwamva?"

"Sindikumva kanthu."

"Ndiye kulira kwakeko!"

Tinaseka ngati ana, tinazungulira tauni popanda kopita, ndipo Atelala analonjera ngakhale anthu amene anakangana nawo pa nkhani ya zipi.

Patapita miyezi ingapo ndinaona kuti munthuyo akutha. Jekete lodzisokera okha linayamba kuwakulira. Mphunzitsi wina anabweza thalauzi chifukwa matumba onse anasokedwa kumbuyo. Ndinawapeza m'shopu atakhala chete, phazi lili pa makina koma makina osayenda.

"Alamu, kodi m'thupi muli bwino?"

"Ine ndili bwino. Nayonso ili bwino. Vuto ndi lomwelo."

"Nayonso iti?"

"Galimoto, alamu! Sikufa. Ngakhale kababu. Nanga munthu ndingapite bwanji kuja manja ali m'thumba?"

Kuja kumene ankanena ndinakudziwa. Ndinawauza mofatsa kuti mlongo wanga sakanakondwa kuwaona akuuma ngati chingwe choyanikira zovala, ndipo kuti angopita kukalonjera. Anandiyang'ana ngati ndawalangiza kuyenda mumsewu opanda thalauzi.

"Kukalonjera? Popanda chitsulo?"

Pamenepo inayamba nkhondo ya pakati pa munthu ndi galimoto yake. Anaisiya nyali zikuyaka kuti batire ithe, inadzizimitsira yokha. Anaipititsa mumsewu wa maenje wa kuseri kwa msika, umene unagwetsapo Chifuwa ekizozi. Inadutsa ngati simbi pa nsalu yonyowa. Anapempha Namwino kuti awawerengere ndemanga za eni ake ena, makamaka odandaula. Mwanayo anafufuza kwa nthawi yaitali napeza bambo mmodzi wa kudziko lakutali amene anakwiya kuti poikapo kapu m'pochepa.

"Ndi zokhazo?"

"Ndi zokhazo, adadi. Simukukondwa?"

"Ndakondwa, mwanawe," anatero Atelala ndi mawu a pamaliro.

Pomalizira anapita nayo kwa a Jeke, nanena kuti mukumveka kaphokoso kakuti keche-keche. A Jeke analowa pansi, anatuluka, anaiyendetsa, kenako anapisa dzanja m'kathumba ka chitseko n'kutulutsa mabatani a jekete odzaza chikhatho.

"Matenda ake ndi awa, madala. Anagwera okha kapena munawathandiza?"

"Mabatani amayenda, a Jeke."

"Iyi musaivutitse. Mudzayamba kufa ndinu, iyo idzakuperekezani. Ndipo ikadzadwala, sipeya yake si ya kuno. Mudzapita kumene inagulidwa, kwa anyamata a mataye aja." A Jeke anapukuta manja, naonjeza ngati akunena za nyengo: "Paja mpando wanu kuseri kuja unapeza mwini. A Maminibasi, bambo wa maminibasi ambirimbiri uja. Tsiku ndi tsiku ali pomwepo. Magalimoto awo amafa mosinthana ngati alonda, ndiye chifukwa chobwerera sichisowa. Akazi awonso anawathawa chaka chatha. Kapu yanu ija akumwera ndi iwo."

M'mawa mwake Atelala anachita chinthu chimene anandipempha kuti ndisalembe. Anaimika galimoto yatsopano kuseri kwa positi ofesi. Anatulutsa kachitini ka girizi, nadzipaka m'manja, ndi pang'ono patsaya, akudziyang'ana pa kalilole kuti aone ngati ngoziyo ikuoneka yoona. Kenako anayenda wapansi mpaka ku sitolo.

"Abale inu, Atelala! Ndimayesa munasamuka. Chifuwa ali bwanji?"

"Akutsokomolabe, mayi. Kabuleta."

Amasipeya anawayang'ana nkhope, anayang'ana girizi wa patsaya uja, amene anapakidwa mwaluso ngati mzere wa choko, nati, "Muli ndi mwayi. Ndili nayo yakale yomukwana ndendende."

Sabata yotsatira inali sitata. Kenako rediyeta, nyali, bampala, chiwongolero. Chilichonse chinkapezeka, ndipo chilichonse chinali chomukwana ndendende. Kuchipinda kwa Atelala kunadzaza zitsulo mpaka anayamba kugona chopingasa. Namwino atabwera kudzacheza anapunthwa pa ekizozi m'khonde, nandiimbira foni kufunsa ngati ukalamba umayamba chonchi. Koma jekete linayambanso kuwakwana, ndipo anthu odikira basi ankamva mluzu kuchokera m'shopu.

Tsiku lina anandipempha kuti ndiwaperekeze, popeza anafuna kukagula mpando wa dalaivala ndipo ndi msana wawo sakanatha kuunyamula okha. Tinawapeza a Maminibasi atakhala pa kauntala, bambo wa mimba yotsogola, makiyi ambirimbiri pa lamba, sipuling'i yothyoka ili pamiyendo, kapu m'manja.

"Atelala," anatero, "galimoto yanu imodziyi ikudya masipeya kuposa maminibasi anga onse. Bwanji osangoiwotcha?"

"Nsalu yakale ndiyo imadziwa thupi, bwana."

"Lero tikugulitseni chiyani?" anafunsa Amasipeya.

"Kampando, mayi. Kabooka."

Amasipeya analowa kuseri. Tinamva zitsulo zikugwa, kenako anatuluka akukoka mpando, nauika pakati pa sitolo. Mpandowo unali wokutidwa ndi nsalu ya suti, yotuwa, ya timizere toyera, ndipo m'mbali mwake munali kathumba kosungiramo tepi. Atelala anawerama, nayendetsa chala pa msoko. Telala amadziwa msoko wake monga mayi adziwira kulira kwa mwana wake.

"Msoko uwu..."

"Ndi wanu," anatero Amasipeya. "Woweta nkhuku uja anandigulitsa Chifuwa yense, nkhuku zitakana kulowamo. Ali kuseriku kuyambira pamenepo. Kabuleta ija ndi yake. Sitata ija ndi yake. Bampala lija munalipinda nokha pa geti la tchalitchi. Mwakhala mukumugula chidutswachidutswa, Atelala, ndipo ine ndakhala ndikukugulitsani."

A Maminibasi anaseka mpaka makiyi onse analira, tiyi n'kutayikira pa sipuling'i.

"Ndipo yatsopano ija," anapitiriza mayiwo, "imene mumaibisa kuseri kwa positi ofesi, anthu amajambulitsa zithunzi atatsamira pomwepo. Tsono tamverani. Kuseriku kwatsala zitseko ndi chigoba basi. Zikatha, mudzabwera kudzagula chiyani?"

Ine, posafuna kuchititsa manyazi alamu anga, ndinayamba kuyang'anitsitsa bokosi la mabawuti ngati ndine katswiri wake. Atelala anatulutsa mpango, napukuta girizi patsaya, koma anangomufalitsa mpaka kukhutu.

"Mayi, sipuling'i yangayi," anayamba a Maminibasi.

"Dikirani, bwana. Pali kasitomala patsogolo panu."

Atelala anagwira mpando uja ndi manja onse, ngati munthu woima m'basi yothamanga.

"Mayi, galimoto yanga ilibe vuto."

"Ndamva."

"Ndayesetsa. Ndaizunza. Yakana."

"Ndamva."

"Ndiye ndilibe chobweretsa."

"Zimenezonso ndamva."

"Koma ndimafuna ndizibwerabe."

"Kudzatani?"

"Kudzakutengani."

"Kupita kuti?"

"Kunyumba, mayi," anatero Atelala, mawu ataonda ngati ulusi. "Kukakhala. Ngati simukuona chovuta. Zitsulo ndichotsa."

Amasipeya anaseka, ndipo mashelefu anagwedezekadi. Kabokosi ka mapulagi kanagwa pansi. Anaseka mpaka misozi, ndipo pakati pa misoziyo inalipo ina imene sinali ya kuseka.

"Zaka zonsezi," anatero akupukuta m'maso, "aliyense wolowa pakhomo apa amabwera ndi chakufa m'manja. Ndimati kodi lidzafika liti tsiku loti wina alowe chimanjamanja." Anavula chovala chawo chantchito, natenga loko. "Tatseka, a Maminibasi. Sipuling'i mawa."

"Masana ano, mayi? Anthu anga ali pamsewu!"

"Akankhe. Kapuyo muisiye pa kauntala. Atelala, tiyeni mukandionetse mdani wangayo."

Tinayenda kupita ku positi ofesi, awiriwo patsogolo, ine pambuyo nditasenza mpando, pakuti m'chisangalalo chonsecho palibe amene anakumbukira kundiuza kuti ndiusiye, ndipo ine sindinaone kuti n'koyenera kuwadula mawu. Amasipeya anaizungulira galimoto ija, anamenya tayala ndi phazi, anatsegula boneti, natchera khutu pamene Atelala anakhudza kabatani.

"Mmm," anatero. "Sananame. Apa palibe chimene ndingakugulitseni. Anthu onse akanagula zoterezi, bwenzi ndikugulitsa tomato."

Anakhala kutsogolo. Ine ndinalowa kumbuyo, mpando uli pamiyendo, ndikuona msewu kudzera m'mphepete mwake. Atelala ananyamuka pang'onopang'ono ngati anyamula mazira. Wanjinga wina anatipitirira. Kenako anatipitirira mayi wokankha ngolo ya makabichi, amene anatembenuka kutiyang'ana mwachifundo.

"Atelala," anatero Amasipeya, "nyenyezi zisanu zija anaipatsa poyenda chonchi?"

"Sindikufulumira, mayi."

"Ine ndikufulumira. Pondani!"

Anaponda. Ndinagwa chagada, mpando uli pankhope, miyendo m'mwamba, ndipo chimene ndinamva kutsogoloko ndi anthu awiri okalamba akukuwa ngati ana a pa katungwe.