Ndinaulula Mwana Wobisidwa ndi Chithunzi Chimodzi

Inu owerenga, makamaka aphunzitsi anzanga ndi inu amene mumasunga makiyi a laibulale, ndikuvomera poyera kuti ndinaika moyo wa mwana wa eni pachiswe chifukwa chofuna kutamandidwa pa intaneti. Sindinabe kanthu ndipo sindinamenye munthu. Ndinangodina foni ndi chala, koma mpaka lero ndikamva galimoto ikuima pageti la sukulu, ndimathamangira pawindo kukaona kuti ndi ndani.

Ndine mphunzitsi wamkazi pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi kwa Kamwendo kuno ku Mchinji. Ahedi atandipatsa udindo woyang'anira laibulale, ndinapeza kachipinda ka fumbi lokhalokha, mabuku ali m'makatoni, ena atadyedwa ndi chiswe. Ntchitoyi sindinaiphunzirepo. Mnzanga wina wa ku Boma ndiye anandilowetsa m'gulu la pa masamba a mchezo la aphunzitsi ndi oyang'anira malaibulale. Munali anthu ankhaninkhani, a kuno kwathu, a ku Zambia ndi a kutali, ndipo aliyense wopatsidwa linki ankangolowa popanda womufunsa. Ndisaname, gululo linandithandiza. Ndi mmenemo mmene ndinaphunzira kusanja mabuku, kumata ong'ambika ndi kulemba kaundula wa obwereka.

Gululo linali ndi mwambo wake. Lachisanu lililonse tinkaika chithunzi cha wophunzira amene wawerenga kwambiri sabata imeneyo. Anzanga ankaonetsa ana ali m'zipinda za matailosi ndi makompyuta, anthu n'kumawayamikira, ine nsanje ikundidya. Matailosi ndinalibe, koma ndinali ndi mtsikana amene ndimutchule Tadala, ngakhale si dzina lake lenileni.

Tadala anali mu Fomu 3. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu, amalume ake anamukwatitsa kwa bambo wina wamkulu wa tsidya la malire. Anathawako, ndipo azakhali ake, amene amagulitsa nsalu pa msika wa Kamwendo, anamutenga n'kumubwezera kusukulu. Zakuti anachokera ku ukwati ndinkazidziwa. Chimene sindinadzifunse n'chakuti, mwana wokonda kuseka ngati ameneyu amathawiranji anzake akamajambulana, nanga amasankhiranji mpando wa kutali ndi windo.

Lachisanu lina ndinamujambula osamuuza, ataweramira buku la Bayoloje, ali mu yunifolomu. Ndinajambulanso tsamba la kaundula kuti anthu aone kuchuluka kwa mabuku amene anabwereka. Patsambalo panali dzina lake lonse, kalasi yake ndi chidindo cha sukulu. Pansi pake ndinalemba kuti mtsikana ameneyu anathawa ukwati, lero ndiye katswiri wathu wowerenga. Abale inu, foni inatentha tsiku limenelo. Anthu anayamikira, ena anatumiza chithunzicho ku magulu ena, ine n'kumayenda monyang'wa ngati ndakwezedwa pantchito.

Patapita masiku atatu munthu wina anandilembera kumbali. Chithunzi chake chinali cha mayi wa magalasi ataima pafupi ndi mashelefu, ndipo anati amayang'anira laibulale ku Chipata. Anati nkhani ya Tadala yamuliza, tsono akufuna kumutumizira chikwama ndi mabuku kudzera mwa mchimwene wake woyendetsa galimoto. Anafunsa tsiku limene mwanayo amatsalira mu laibulale, nthawi yowerukira ndi amene amakhala naye. Ndinayankha zonse, mpaka kulongosola pokhotera kuchokera pa msewu wa tala. Chikomekome cha mkuyu, ine osaganiza zoung'amba kuti ndione za m'kati. Pomaliza ndinamuthokoza kawiri konse.

Lachitatu masana, ana ambiri ataweruka, Tadala anali pakona pake paja akuwerenga. Galimoto yoyera ya nambala ya ku Zambia inaima pageti. Munatuluka amuna awiri, m'manja mopanda chikwama, mopanda buku. Tadala anadzuka n'kusuzumira pawindo, ndipo buku linamupulumuka. Sanakuwe. Anangogwa pansi n'kukwawira kuseri kwa makatoni.

"Madamu, ndi iwo aja. Chonde musawauze kuti ndili muno."

Apo m'pamene maso anga anatseguka. Ndinatuluka, ndinakhoma loko kunja n'kufumbata kiyi. Amunawo anali atafika kale pakhonde. Wamkuluyo anandipatsa moni waulemu, ulemu umene unandiopsa kuposa kukalipa. Kenako anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi chimene ndinajambula ndi manja anga.

"Madamu, si inu tinkacheza nanu? Mayi a kunyumba kwanga ali kuti? Munati Lachitatu amakhala muno."

Ndinanama kuti sanabwere, akudwala. Mnzakeyo anapita pawindo, anatchinga nkhope ndi manja n'kumasuzumira m'kati. Ndinakumbukira kuti chikwama cha Tadala chatsala patebulo, buku lili pansi pomwe linagwera, ndipo pakati pa mwanayo ndi anthu amenewa panali chitseko cha matabwa ndi kaloko ka pamsika. Ndinaona imfa tsiku limenelo, dzuwa likuswa mtengo.

Mwamwayi ahedi anatulukira kuchokera ku ofesi ndi aphunzitsi awiri aamuna. Atanena kuti akuimbira apolisi, amunawo anabwerera ku galimoto, osathamanga n'komwe. Wamkuluyo asanakwere anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Njira munatiuza nokha, Madamu. Sitingasochere."

Nditatsegula chitseko ndinapeza Tadala ataluma mkono wa juzi kuti kulira kwake kusamveke. Nkhani tinakaitula kupolisi tsiku lomwelo, koma anthuwo anali atawoloka kale. Amene mumakhala kuno mukudziwa kuti njira zopitira tsidya si za pa boda pokha.

Azakhali ake anafika pa kabaza, atasiya nsalu pamsika popanda woyang'anira. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo zikanandipepukira. Iwo anangomukumbatira mwanayo n'kundiuza motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, chaka chathunthu sindinamutumeko kumsika, kumaliro kapena kuukwati sindinapite naye. Ndimati kusukulu ndiye kuli mpanda." Ndinagwada pasimenti pamaso pawo.

M'mawa mwake Tadala anasamutsidwa, teremu ili pakati. Chithunzi chija ndinachifufuta, koma kunali kutseka khola mbuzi zitatuluka, pakuti chinali chitafika kale m'magulu amene sindiwadziwa n'komwe. Mayi wa magalasi uja anazimiririka, ndipo sindikhulupirira kuti anakhalapo. Kwa miyezi ndinkasinthasintha njira popita kunyumba, ndikaona galimoto yoyera ndinkalowa m'golosale ya anthu ngati ndikufuna kugula kanthu. Mantha aakulu sanali a ine ndekha. Chithunzi chija chikadali kuyenda, ndipo nkhope ya mwana sisintha chifukwa wasintha sukulu.

Inu owerenga, sindikuti magulu amenewa ndi oipa. Lowanimo, phunziranimo, ine ndemwe ndikadali momwemo. Koma jambulani mashelefu, musajambule ana a eni. Kaundula wa laibulale ndi chinsinsi, musamuonetse pagulu ngakhale tsamba limodzi. Nkhani ya mwana amene anavutika ndi yake, si yoti inu mudzikongoletsere. Ndipo munthu amene simunamuonepo ndi maso akayamba kufunsa tsiku, nthawi ndi njira, musayankhe, pitani nayo foniyo kwa ahedi ndi kwa makolo.

Mwezi watha ndinalimba mtima n'kupita pa benchi ya azakhali aja, nditatenga buku la Bayoloje limene ndinagula ndekha ndi manotsi a Fomu 3. Ndinapempha kuti andiuze kumene Tadala ali, ndingomulembera mawu opepesa. Analandira bukulo ndi manja awiri, analikulunga m'chitenje, kenako anandiyang'ana.

"Buku lifika, aphunzitsi. Koma kumene mwana ali, inu ndiye ayi."

Sindinakwiye. Ndikanakhala ine, nanenso sindikanamuuza munthu ngati ine.