Nthambi ya Katungwe

Lachisanu madzulo, mwezi wa Meyi, ku Matero.

Lero nditaweruka kusukulu ndinakhala pansi pa mtengo wathu wa mango n'kumachapa yunifomu. Kanthambi kena kanali kundikanda pakhosi, ndiye ndinakathyola. Utomoni unandimata zala, ndipo fungo lake lowawasa lija linandibweretsera agogo pafupi kwambiri moti ndinasiya kuchapa. Malaya awo ankamveka choncho masiku onse: utomoni wa mango, utsi wa mbaula yomwe ankaothera m'mawa, ndi fodya wa m'mphuno amene ankasunga m'kabotolo ka mankhwala.

Agogo anali bambo awo a atate. Anachoka ku Ntcheu ali mnyamata ndipo anakalambira m'mayadi, akusamalira maluwa ndi mitengo ya eni ake. Koma mango athuwa sanabzale ndi iwo. Anabzala ndi agogo aakazi, amene ine sindinawaone, kuchokera ku njere yomwe anaimanga pansonga ya chitenje pamene ankabwera kudzawatsatira amuna awo. M'mawa uliwonse agogo akamasesa masamba ankaugwira mtengowo n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, Naphiri?" Limenelo linali dzina la akazi awo.

Ine ndinali mwana wosalankhula. Mlendo akalowa pakhomo ndinkathawira pa katungwe amene agogo anandimangira pa nthambi yaikulu ya m'munsi, imene inkadutsa pamwamba pa mpanda n'kulowera kwa aneba athu, amayi ake a Chanda, amene tonse timawatchula kuti bana Chanda. Pamenepo palibe amene ankandifunsa mafunso.

Ndinali mu giredi 3 chaka chimene fakitale ya atate inatsekedwa. Amuna awo a bana Chanda nawonso ntchito inawathera. Amayi ankalawirira kukaima pamzere wa ufa, ndipo masiku ena ankabwerako chimanjamanja. Anthu anayamba kulima paliponse pamene khasu likanalowa. Bana Chanda analima repu kuseri kwa mpanda wathu kuti ana adye, yotsala azigulitsa pamsewu. Koma repuyo inkakula yoonda, yachikasu, itapendekera mbali imodzi ngati ikufuna kuthawa.

Tsiku lina anatulukira pakhomo pathu atanyamula tsinde limodzi.

"Ba Banda, onani ichi," anauza agogo. "Iyi ni repu olo ni nsingano? Mutengo wanu wadya zuba yonse. Bana banga bazadya chani, muthunzi?"

Atate anali atakhala pakhonde, monga ankakhalira tsiku lonse masiku amenewo. Sanafune mkangano.

"Batate, tiujube chabe," anatero, kutanthauza kuti mtengowo ungodulidwa. "Tizapezako na nkhuni. Malasha yadula."

Agogo anatenga tsinde la repu lija n'kuliyandikiza kumaso, chifukwa ng'ala inali itayamba kale kuwaphimba. Analipapasa nthawi yaitali.

"Mayi, mukunena zoona," anatero. "Ana sangadye mthunzi. Koma dzuwa limene mukufunali si lonse la kumwamba ayi, ndi longokwana padimba panu. Ndiloleni ndikutengereni Loweruka m'mawa. Likapanda kufika, mwana wangayu abweretse nkhwangwa."

Loweruka agogo anatulutsa sowo yawo imene inkakhala yokulunga m'chiguduli, anabwereka makwerero kutchalitchi, n'kukanya matope osakaniza ndi phulusa m'beseni lakale. Anayamba ndi tinthambi ta m'munsi tolendewera. Iwo ankati kumeneko n'kuukweza chitenje mtengo. Anawauza amayi kuti asenze ndowa n'kuzungulira tsinde, ndipo paliponse pamene tsamba linakhudza ndowayo, agogo ankadulapo. Amayi ankaseka, madzi akuwatayikira kumsana. Kanali koyamba kuwamva akuseka chitsekereni fakitale.

Nthambi ya katungwe wanga inali pamwamba pang'ono, ndowa inadutsa osaikhudza, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Kenako agogo anandiitana.

"Nabanda, tsopano titsegule mazenera m'kati umo. Manja ndili nawo, maso ndilibe. Pita ukagone chagada pakati pa repu ya mayi aja. Nthambi ndikaigwedeza, undiuze ngati ndi imene ikukubisira dzuwa."

Ndinayang'ana pansi. Kwa bana Chanda ndinali ndisanalowekonso ndekha. Koma iwo anandigwira dzanja, n'kundiyalira thumba lopanda kanthu pakati pa mizere.

"Gona apa, Tamala. Usanipondele repu, yafa kale."

Nthaka inali yozizira, yonunkhira chinyontho. Nditayang'ana kumwamba sindinaone thambo ngakhale pang'ono, koma masamba okhaokha, akuda, othinana ngati denga. M'kati mwake ndinkangoona mapazi a agogo pamakwerero, atate atagwirira m'munsi nkhope ili gwaa.

Masamba anagwedezeka. "Iyi?"

"Ayi," ndinanong'ona.

"Akamba ati iyayi!" anafuula bana Chanda.

"Musiyeni anene yekha," anatero agogo. "Nabanda, makutu anga anatsalira ku Ntcheu. Kuti mawu akafike kumeneko uyenera kuwakankha."

Anagwedeza ina. Kadontho ka kuwala kanaphethira pamaso panga.

"Imeneyo," ndinatero, mokwezako pang'ono.

"Eya! Tsopano ndamva kuti kuli munthu uko."

Sowo inayamba kulira. Agogo sankadula nthambi kamodzi. Ankayamba kucheka pang'ono kunsi kwake, kenako n'kumalizira pamwamba, kuti ikamagwa isang'ambe khungwa la tsinde. Pabalapo ankapakapo matope aja ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, ngati mmene ankandipakira mafuta m'miyendo nthawi yozizira. Ankachotsa zouma, zokhulana, ndi zimene zinkamera molowera m'kati. Atate atanena kuti angodula mutu wonse kuti ntchito ithe msanga, agogo anakana.

"Ukaumeta mpala umakwiya, umatulutsa mphukira zambirimbiri, mthunzi n'kuposa kale. Timangoupempha malo pang'ono."

Zenera linatseguka, kenako lina. Utuchi unkandigwera pamphumi. Ndinayamba kufuula osazindikira kuti ndikufuula: "Ya kumanzere, agogo! Ayi, ya pamwamba pake!" Ana a bana Chanda anakwera pampanda kudzaonerera. Dzuwa linafika pamiyendo yanga, n'kukwera mpaka pamimba. Pamenepo linaima. Theka la dimba, kuyambira pachifuwa panga mpaka kumpanda, linali mumdima womwe uja.

Ndinaiona nthambi imene inkachititsa. Inali yaikulu, yotambalala ndi masamba ake onse pamwamba pa mutu wanga, ndipo chakutsinde kwake kunali kulendewera chingwe cha katungwe.

Agogo anagwedeza ina ya pambali. "Iyi?"

"Ayi."

"Nanga iyi?"

"Ayi."

Ndinaona dzanja lawo likufika pa nthambi ya katungwe, likukhudza mfundo ya chingwe, n'kudumpha kupita pa ina. Linachita choncho kawiri. Apo ndinadziwa kuti akuidziwa, ndipo kuti sadzaigwedeza okha.

"Mwaona, batate?" anatero atate, akuwakodola kuti atsike. "Yakanga. Selukani, muzagwa chabe. Pa Mande nizaitana banyamata ba nkhwangwa."

Bana Chanda anangoyang'ana repu yawo, kenako ana awo pampanda paja. Agogo anatsamiritsa mphumi pa tsinde ngati akupumula.

"Ya katungwe," ndinatero.

"Wati chiyani, Nabanda?"

"Ya katungwe, agogo! Dulani ya katungwe!"

Mawuwo anamveka mpaka kumpopi, chifukwa amayi ena amene ankatunga madzi anatembenuka. Agogo anatsika makwerero pang'onopang'ono. Anandiitana, anandisansa utuchi m'tsitsi, n'kundikhazika pa katungwe paja.

"Gwiritsa," anatero.

Anandikankha mwamphamvu kuposa masiku onse, mpaka ndinaona madenga a malata kulowera ku Lilanda, ndi miyala yotsindira pamwamba pake. Palibe amene anawafulumizitsa, ngakhale atate. Nditatsika anamasula chingwe ndi manja awo, anachikulunga bwinobwino n'kundipatsa. Nthambiyo inali yolemera, ndiye atate ndi amene anakwera, agogo akuwauza pochekera: kunsi poyamba, kenako pamwamba. Ine ndinabwerera pathumba panga kukadikira.

Itagwa, ndinatseka maso chifukwa cha kuwala. Kutentha kunandigwira nkhope yonse.

"Mayo!" anafuula bana Chanda. "Ba Banda, mwaibweletsa zoona!"

Agogo anapaka matope pabala lalikulu lija nthawi yaitali. Ndinawamva akunena chapansipansi kuti, "Pepani, Naphiri. Ndi za ana."

Repu ija inanenepa. Mpukutu woyamba bana Chanda anabwera nawo kwathu n'kuupereka m'manja mwanga, osati mwa amayi. "Iyi ni ya Tamala, wamene anagulisa katungwe," anatero, ndipo mpaka lero amanditchula choncho akafuna kundiseka. Kuyambira chaka chimenecho, mvula ikangotha, ine ndinkagona padimba paja, agogo ali m'mwamba.

Agogo anatisiya ndili mu giredi 8. Chichokereni iwo palibe amene wakhudza mtengowu. Mazenera onse anatsekeka, ndipo tinthambi tatsikanso mpaka kukanda munthu pakhosi. Zinthu sizinasinthe kwenikweni. Atate amangopeza maganyu apa ndi apo, ndipo kwa bana Chanda dimba lija ndi limene likulipirira Chanda sukulu.

Ndikuchapa paja ndinamva bana Chanda akulankhula ndi amayi pampanda, motsitsa mawu. Sanabwere ndi tsinde la repu ulendo uno. Anangoti, "Nimvela nsoni kukamba, pakuti bakulu baja kulibe." Atate atamva anayankha kuti pali anyamata a ku Mandevu ogula nkhuni, akawauza Lamlungu. Sananene mwaukali. Ndikuganiza kuti akuopa kukwera okha popanda wowauza pochekera.

Ine ndinamaliza kuchapa, ndinayanika, kenako ndinalowa kuchipinda n'kusuzumira kunsi kwa bedi. Sowo ilipo, m'chiguduli chake chomwe chija, pamodzi ndi chingwe changa. Yachita dzimbiri pang'ono. Ndaipukuta ndi mafuta a makina osokera a amayi.

Mawa ndi Loweruka. Ndidzuka dzuwa lisanafike pampanda, ndikanye matope ndi phulusa, ndikapemphe thumba kwa bana Chanda. Kenako nditenga sowo, ndikaiike m'manja mwa atate, ndiwauze mokweza kuti amve: "Atate, kwerani. Ine ndikagona padimba."