Chaka Chimene Miyendo ya Amayi Inakana Tulo

Panali nsanza ziwiri za chitenje chobiriwira zimene zinkakhala pamsomali kuseri kwa chitseko, kumudzi kwathu kufupi ndi Sinda. Amayi ankadzimanga nazo m'miyendo asanagone, kumanga kwenikweni, moti m'mawa pankatsala mizere ngati pamtolo wa nkhuni. Inali nyengo yotola thonje, mphepo yachisanu itayamba kung'amba milomo, ndipo iwo anali ndi pakati. Atate anali atapita kukasaka ganyu ku Lusaka. Pakhomo tinatsala amayi, ine, ndi kamlongo kanga kamene kankangophunzira kuthamanga.

Ankati m'miyendo mukuyenda nyerere. Masana miyendoyo inkakhala bwinobwino, koma akangogona pamphasa inkayamba kukoka, kunyerenyetsa, kufuna kuyenda yokha. Nsanzazo sizinkaphula kanthu. M'mawa tinkawapeza atakhala pakhonde, maso ali psuu, akutafuna dothi la pachulu limene ankaliwotcha paphale. Fungo lake ndimalikumbukirabe, ngati mvula yoyamba pafumbi. Ndinalawako kamodzi, ndipo mchenga unandikhala m'mano tsiku lonse.

Kusikelo anali atawauza kale. Namwino anawatembenuza chikope n'kunena kuti magazi achepa, thupi likusowa ayironi, ndipo n'kutheka kuti n'zimene zikuwalanda tulo. Anawapatsa timapiritsi tofiira m'kapepala. Koma timapiritsito tinakathera kudenga, totsomekedwa muudzu, chifukwa amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, anali atagamula kale.

"Timankhwala iti timakulitsa mwana m'mimba," ankatero. "Ufuna utsatire mng'ono wathu?"

Mng'ono wawoyo anamwalira pobereka ine ndisanabadwe, ndipo dzina lake silinkatchulidwa pakhomo. Lero ndikudziwa kuti zokulitsa mwanazo si zoona, ndipo zimandipsetsa mtima ndikamva akazi anzanga akuzibwereza pachigayo. Koma amayi aakulu sindingawanyoze. Iwo ndi amene anasambitsa mtembowo.

Munthu wosagona usiku tulo timamupeza masana, ndipo sitisankha malo. Amayi ankasinza ali chiimire pakati pa mizere, thumba la thonje lili m'khosi. Amalume, amene munda wawo unachita malire ndi wathu, ankawaseka: "Mlongo, mukutola kapena mukupemphera?"

Kusekako kunatha tsiku lakudimba. Tinapita kukathirira repu. Amayi anakhala pansi pa nthochi kuti apumeko, mwana ali pambali pawo, ine ndili kutsidya ndi keni. Nditabwerera kuchitsime ndinapeza kamlongo kanga kali m'madzi olekeza m'khosi, katagwira udzu wam'mphepete, kosalira n'komwe. Ndinakakoka ndi malaya. Amayi anadzidzimuka ndi kukuwa kwanga. Sanalire, sanandiyamikirenso. Anamupukuta mwanayo, n'kumubereka ngakhale mimba inali itakula, ndipo tinabwerera kunyumba repu wosathirira.

Titangofika anakwera pampando n'kutsitsa kapepala kaja. Amayi aakulu atamva anabwera ali wefuwefu.

"Ndiye wasankha manda?"

"Akulu, mwana amene ali panjayu ndinamuona kale nkhope," anayankha amayi. "Sindimutaya chifukwa cha tulo."

Kuyambira pamenepo sanadumphe tsiku. Timapiritsito tinkawachititsa nseru, ankakalavula malovu kuseri kwa nkhokwe, koma mawa lake ankamwanso. Anasiya kumwera tiyi, monga namwino ananenera, n'kumamwera madzi a malambe amene ndinkawaviikira ine. Dothi analisiya movutikira. Akamadutsa pachulu ankachiyang'ana ngati munthu wosiya fodya. Bonongwe, nyemba, chisoso, kapenta akapezeka, zonse ankadya ngakhale mtima ukukana. Amayi aakulu anasiya kuponda pakhomo pathu, ndipo zimenezi zinawapweteka amayi kuposa nseru.

Tulo sitinabwere msanga. Thonje linatha kutoledwa, mabelo anakwera lole, iwo akadasinzabe masana. Amalume anayamba kufunsa ngati mankhwalawo si ufa wamba. Amayi ankangoti munda sukolola tsiku lobzala, n'kumeza piritsi lina.

Kenako m'mawa wina, mphepo itayamba kufunda, ndinadzuka dzuwa lili pamwamba, moto wosakoleza, mbuzi zikulira m'khola. Ndinathamangira kuchipinda mtima uli m'mwamba. Anali atagona chammbali, kukamwa kuli yasa, akuliza mkonono ngati mwamuna wochokera kumowa. Amalume, amene anabwera kudzabwereka nkhwangwa, anandigwira paphewa n'kundiletsa kuwadzutsa. Tsiku limenelo ndinachedwa kusukulu ndipo aphunzitsi anandisesetsa bwalo lonse, koma ndinasesa ndikuimba.

Mwana anabadwa mvula isanagwe, wamkazi, wamsinkhu ngati makanda ena onse, ndipo amayi anabwerako kuchipatala akuyenda okha.

Ine ndinkaganiza kuti amayi anali atazindikira kuti mkulu wawo akulakwitsa, n'kumamwa mankhwalawo mtima uli m'malo. Ndinali kale ndi ana anga pamene amalume anandiuza zoona zake. Patangopita masiku ochepa kuchokera tsiku lakudimba lija, amayi anapita kwa amalumewo kukawauza amene adzatenge ine ndi amene adzatenge mlongo wanga iwo akamwalira. Mawu a mkulu wawo ankawakhulupirira onse. Piritsi lililonse ankalimeza akuganiza kuti likuwasendeza kumanda, ine n'kumawapatsira kapu ndikusekerera.