Nkhope Imene Ndinaidula Pakati

Ntchito ya utelala sindinachite kuifunafuna, anandipezera ndi akhoti. Ndinali ndisanakwanitse zaka 18, mwana wa miyezi isanu ali kumsana, pamene anandigwira ndi fodya wa ku esiteti m'chitenje. Woweruza anati kundende ayi, koma chaka chathunthu azindiyang'anira Mayi Nkhoma, mlangizi wa ana olakwa, ndipo ndikangolakwanso ndikalowa. Iwowo ndiwo ananditula kwa Bambo Chisale, telala wa pakhonde la sitolo pa Mitundu. Mwezi ukatha abambowo ankalemba kalata yonena mmene ndikuchitira, ine n'kupita nayo kwa Mayi Nkhoma ku Nathenje mtima uli m'mwamba.

Poyamba ndinkangopalasa makina opanda ulusi, singano ikuboola pepala. Kenako kukulunga ulusi pa bobini, kuthira mafuta, kupinda m'mphepete, kusita ndi simbi ya makala. Sizasi anandigwiritsa mwezi wachinayi.

Nthawi imeneyo zipani zinali zitangochuluka, chilichonse ndi nsalu yake. Tsiku lina kunabwera mayi ena a komiti ndi nsalu ya nkhope ya mtsogoleri wawo, akufuna bulauzi ya kumsonkhano. Bambo Chisale anawayeza ndi tepi n'kupita kukagula zipi. Ine ndinapinda nsalu pawiri, maluwa m'kati, ndinalemba ndi choko, mwana akulira, ndinadula. Potambasula, mayo ine, nkhope ija pakati penipeni, diso uku, diso uko!

Ife tinakula tikumva kuti anthu ankasowa chifukwa cha chithunzi chabe cha mtsogoleri. Ndinaganiza zobisa zidutswazo m'thumba la zigamba, ndinaganiza zothawa, koma kuti, ndi mwana? Abambowo atabwera ndinagwada n'kuwaonetsa.

Anazitembenuza zidutswazo n'kunena kuti: "Iwe Nabanda, nsalu ya nkhope sitipinda tisanaione kumaso. Dzuka, pano si pakhoti."

Zidutswazo anazibisa m'kati mwa khosi ndi manja a bulauziyo, nkhope ina yathunthu n'kuikhazika pachifuwa. Eni nsalu atabwera, Bambo Chisale anati ndiwauze ndekha. Ndinawauza zonse. Mayiwo anagwira pakamwa, kenako anaseka.

"Bola apa ali ndi maso onse. Chikhala kale, mwana iwe..." Sanamalize.

Ku Nathenje Mayi Nkhoma anandiwerengera kalata ya mwezi umenewo mokweza. Munali mawu awiri okha: "Akalakwa amanena." Ndinalira pa benchi pomwepo, mwana akuyamwa.

Bambo Chisale anatisiya, koma dzanja lawo ndidakali nalo. Nsalu iliyonse ndimaitambasula kaye yonse patebulo. Ndipo ndikaononga ya munthu, ndimamuuza asanakhale n'komwe pansi.