Sikirini ya Buluu ya Mwanahamisi

Mwanahamisi wa ku Temeke sanali munthu wokhazikika. Anagulitsapo mandasi pa siteji ya maminibasi otchedwa madaladala, analukapo tsitsi, anasokapo madiresi a akwati mpaka msana unakana. Ntchito imene inamugwira ndi yojambula pa kompyuta maluwa a kanga, nsalu imene amayi amavala ngati chitenje. Ankadziwanso kupeka mawu a m'munsi mwa nsalu aja, olasa munthu osamutchula dzina, moti ukwati ukayandikira amayi ankabwera kwa iye.

Tsiku lina m'mawa, ali mkati mojambula kanga ya ukwati wa mwana wa Bi Zuhura, mayi wovuta wogulitsa nsomba, sikirini inangosanduka ya buluu. Panatsala mizere ya Chingerezi ndi nambala yaitali yosakanikirana ndi zilembo. Anazimitsa n'kuyatsanso. Kompyuta inadzuka bwinobwino, koma atangoyamba kujambula, buluu uja anabweranso.

Mwamuna wake Faki, woyendetsa bajaji, kagalimoto ka matayala atatu konyamula anthu, anali pakhomo akumwa tiyi.

"Yatopa nawe imeneyo, mayi a Nuru," anatero Faki. "Wokupirira ndatsala ndekha."

"Malizani tiyiyo muzipita. Anthu akupsa ndi dzuwa ku siteji."

Anafufuza nambalayo pa foni. Wina ankati ndi fumbi, wina ankati kachilombo, wina ankati afufute zonse ayambirenso. Mawu amenewo anamudula mtima, pakuti maluwa ake onse anali mmenemo. Anamasula bokosi la kompyuta ndi nsonga ya mpeni, anauzira fumbi mpaka kuyetsemula, anatseka. Buluu yemwe uja. Anakateleka mpunga, anabwerera, anakasuzumira kumsewu, anabwereranso. Bi Zuhura anaimba foni, iye anangoisiya ilire.

Mpunga utayamba kununkha kupserera, anaimbira mlamu wake Saida, amene ankagwira ntchito ya makompyuta ku doko.

"Mlamu, ndapenga kuno."

"Unapenga kale. Tandiwerengera nambalayo pang'onopang'ono."

Anawerenga, analakwitsa, anayambiranso.

"Waikamo chinthu chatsopano masiku ano?" anafunsa Saida.

"Palibe." Kenaka maso ake anagwera pa tebulo. "Kupatula cholembera chojambulira chimene achimwene anatumiza kuchokera ku Dubai."

"Ndiye ukuti palibe? Kapulogalamu kake kakukangana ndi kompyuta yakoyo. Yako ndi nkhalamba."

Saida anamuuza mmene angaidzutsire yokha, popanda zolumikiza zina. Mwanahamisi anaphonya batani, anatukwana chapansipansi, anayesanso, mpaka analowa n'kuchotsa kapulogalamuko. Kompyuta inayaka, ndipo buluu sanabwere. Maluwa akale onse analipo, koma kanga ya Bi Zuhura inatsala mkombero wokha. Zapakati zonse zinapita.

Anaika cholembera cha ku Dubai m'kabati n'kuyambiranso ndi mausi yake yakale. Asanafike patali, Bi Zuhura analowa osaodira, anadzikokera mpando.

"Foni yanu inagwera m'chitsime?"

"Ndinali ndi odwala, mayi. Achira."

Bi Zuhura anayandikira sikirini, anawerenga mawu a m'munsi milomo ikuyenda, napukusa mutu.

"Aulemu kwambiri awa. Ndikufuna oti apongozi a mwana wanga akawerenga, chakudya chiwakanike."

Mwanahamisi anafufuta mzere wonse, anasunga ntchito yake kaye, n'kufunsa kuti apongoziwo anachita chiyani. Bi Zuhura anavula nsapato, nayamba kufotokoza kuyambira pa chinkhoswe.