Kalata ya Bambo m'Bogi Losayenda

Tinanyamuka ku South Bend Loweruka isanakwane seveni m'mawa, ine pachiwongolero, bambo pambali panga atavala majekete awiri. M'thumba la jekete lam'kati munali kalata yopita kwa mayi ku Balaka, ndipo zimene zinalembedwamo ndinkazidziwa chifukwa anandiwerengera okha: akubwerera kumudzi mwezi womwewo wa Malichi, za kudikira mpaka Meyi kuti adzandione ndikulandira digiri ya unamwino zalephereka. Foni anali nayo, ndipo mayi ankacheza nawo tsiku lililonse, koma munthu amene anagwira ntchito zaka makumi atatu ku positi ofesi sanena nkhani yolemera pafoni. Amalemba, n'kumata sitampu.

Sindinkawada. Miyezi iwiri chibwerereni kudzandichezera anakhala pawindo ngati mphaka, ine ndili kuchipatala kophunzira ntchito, popanda ngakhale woyandikana nawo nyumba wowapatsa moni. Koma mtima unkandiwawa. Anandilipirira sukulu ndi malipiro a positi omwewo, ndiye pa tsiku lenilenilo mpando wawo ukhale wopanda munthu? Nditamva kwa mnzanga wa kutchalitchi kuti kufupi ndi Indianapolis kuli malo osungirako sitima zapamtunda zakale, kuphatikizapo bogi lonyamula makalata, ndinati ndiyesereko komaliza kuwasintha maganizo.

Msewu wa 31 ndi wowongoka mpaka kutopetsa. Minda ya chimanga inali mbee, yopanda ngakhale phesi loimirira. Titadutsa Plymouth bambo anayankhula koyamba.

"Minda yonseyi, olima ali kuti?"

"Amalima ndi mathirakitala, bambo. Panopa akupuma."

"Dziko la anthu obisala," anatero.

Cha m'ma naini tinaima ku Kokomo kuthira mafuta. Ndinawagulira tiyi wa madola awiri ndi donati. Mayi wogulitsa anafunsa ngati akufuna tiyi wozizira kapena wotentha, ndipo nditawamasulira anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Donatiyo anaidya yonse, kenako n'kugamula kuti ndi mandasi amene anapita kusukulu.

Tinafika nthawi itangopitirira teni koloko. Ine ndili pamzere wogula matikiti, madola khumi munthu mmodzi, bambo anali atalowa kale pabwalo. Ndinawapeza ataima pafupi ndi bogi lalitali lobiriwira, lopakidwa penti yatsopano, nkhope ili ngwee.

"Basi, ndaponya," anatero.

"Mwaponya chiyani?"

Analoza kachibowo ka makalata kam'mbali mwa bogilo. Kalekale munthu ankatha kuponyamo kalata sitima ikaima pasiteshoni. Bambo anaona kachibowo, anaona mawu akuti makalata, dzanja linachita zimene linazolowera. Koma bogilo linasiya kuyenda ine ndisanabadwe, ndipo njanji yake inathera pampanda. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze, kenako ndinatseka. Ndivomere, ndinasangalala ngati wakuba amene sanaonedwe.

M'kati tinalandiridwa ndi mkulu wina wa imvi dzina lake Walt, amene ankasankha makalata m'mabogi otere ali mnyamata. Khoma lonse linali timabokosi, kalikonse kali ndi dzina la tauni, ndipo matumba ansalu anapachikidwa pazitsulo atayasamula. Anafotokoza kuti ankagwira ntchito choimirira sitima ikuthamanga, ndipo pamasiteshoni ang'onoang'ono sinkaima n'komwe. Thumba linkapachikidwa pamtengo m'mbali mwa njanji, iwo n'kulikola ndi chitsulo chonga ngowe yothyolera mango, kwinaku akukankhira pansi thumba la pamalopo ndi phazi.

Bambo Chingerezi amachidziwa bwino, kungoti chinali chitagona miyezi iwiri. Apa chinadzuka. Anamuuza Walt kuti ku Balaka iwo ndi amene ankadikira sitima ndi wilibala kuti alandire matumba.

"Yathu inkaima," anatero. "Vuto linali kuinyamutsa."

Walt anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anawapatsa mulu wa makadi oyeserera kuti awaike m'timabokosi. Ndinada nkhawa, poti matauni a ku Indiana bambo sawadziwa. Anayang'ana khomalo kwa kanthawi, akuwerenga mayina a matauniwo chamumtima, anavula jekete limodzi, anatang'adza miyendo ngati sitima ikuyendadi, n'kuyamba. Poyamba pang'onopang'ono, kenako makadi anangoti waa, waa. Anaphonya atatu okha. Atamaliza anatenga chingwe patebulo, anamanga mtolo mopingasa, n'kudula chingwecho ndi kukoka kumodzi.

Walt anaunyamula mtolowo n'kuutembenuza. Anati mfundo imeneyo anaphunzitsidwa ndi kapitawo wake woyamba, ndipo anzake odzipereka pamalopo, onse achinyamata, amangokulunga ndi labala. Akuluakulu awiriwo anagwirana chanza osafuna kusiyana. Ana ena amene anabwera ndi makolo awo anaunjikana, ndipo bambo anga, amene sanaseke kuyambira Januwale, anayamba kuwaphunzitsa kumanga mtolo.

"Iwe Tamanda, ukundivideyola?" anafunsa atandiona ndi foni.

"Ndikuwasendera mayi."

"Uyambirenso, apa ndinaphonya."

Wani koloko itakwana, Walt anati mu Epulo kumabwera ana a sukulu Loweruka lililonse, koma iye manja ake amanjenjemera ndi ukalamba, sangathenso kumanga bwino. Kodi bambo sangabwereko kudzaonetsa? Bambo anakanda kumutu. Anati akanakonda, koma alembera kale akazi awo kuti akubwerera, ndipo kalata ikaponyedwa, yaponyedwa.

Apa ndiye ndinaona kuti bodza langa la chete lakwana. Kuwasunga ku Amereka mowabera sindikanatha.

"Bambo, bogi ili siliyenda. Kalata yanu ikadali m'kabokosi kuseri kwa kachibowo kaja. Ndinadziwa kuyambira m'mawa, pepani."

Nditamufotokozera Walt m'Chingerezi, anatulutsa makiyi. Anati zimachitika kawirikawiri, atsegula pompo, ndipo positi ofesi yeniyeni ili pamsewu womwewo. Ndinayang'ana pansi, ndikuwerengera kale za kusintha tikiti ya ndege.

Bambo anasuzumira pawindo, anaona njanji yothera pampanda, anayang'ana mtolo uja, kenako ine. Anagwira dzanja la Walt lomwe linali ndi makiyi.

"Ayi, musatsegule. Malamulo a positi salola kubweza kalata yoponyedwa kale. Ipita sitimayi ikadzanyamuka."

Pobwerera anayankhula kuchokera ku Indianapolis mpaka ku Plymouth osapuma, ine ndikupukuta misozi ndi mkono n'kumanamizira dzuwa. Ndinkayesa kuti chimawasowa ndi kwawo, pamene chinkawasowa ndi munthu wowapempha kuti agwire kanthu. Tikulowa mu South Bend anafunsa ngati pa mwambo wa digiri amalola munthu kuvala majekete awiri. Ndinawauza kuti mu Meyi limodzi likwanira.