Kukatenga a Mbewe ku Eastleigh

Ndinanyamuka ku Buruburu, dera la mu Nairobi kumene ndinkakhala, Lachisanu m'mawa. Kuntchito ndinanama kuti dzino landivuta.

Dzulo lake, mayi wootcha chimanga pafupi ndi ofesi yathu anandiuza kuti lole ya khonsolo yatenga onse ogona m'makhonde a sitolo, a Mbewe ali momwemo. A Mbewewa anali mphunzitsi wa kwathu amene anathawa ku Malawi pa nkhani za ndale. Moni ndinkawapatsa mothamanga, maso uku ndi uku, poti ngakhale ku Nairobi kunali anthu otumiza mayina kumudzi.

Matatu, minibasi za kumeneko, yopita m'tauni inali shilingi imodzi, kondakitala n'kutipakira ngati matumba a makala. M'tauni ndinagula tiyi ndi chapati. Matatu yachiwiri, yopita ku Eastleigh, inkangoima poliponse, kudikira ngolo za katundu zipatuke. Bambo wina wa jekete anandiyang'anitsitsa, ine thukuta kamukamu. Kani ndinali nditamuponda phazi!

Cha m'ma 10 koloko ndinafika panyumba yosungirako anthu osowa pogona. Kalaliki wake, mayi wa magalasi, anandilandira bwino ndithu.

"Ife sitizunza munthu," anatero m'Chiswahili nditafunsa za a Mbewe. "Udindo wathu n'kumugoneka, kumudyetsa, kenako kumubweza kwawo. Mkuluyu ndi mlendo, ndiye Lolemba tiuza akazembe a dziko lake amukweze ndege."

Mayo ine! Chifundo chimenecho chikanawatula a Mbewe pakhomo la ndende.

"Palibe njira ina, mayi?"

"Wachibale asaine kuti awasunga. Dzina ndi nambala ya pasipoti. Mapepala ndi awiri, linalo lipita kwa akazembe omwewo."

Pasipoti yanga ankaidinda komweko, ndipo amayi anga anali ku Dedza.

A Mbewe anawabweretsa atawameta, atavala malaya a munthu wina. Atandiona anaweramitsa mutu.

"Mwana wanga, bwererani," ananong'ona m'Chichewa. "Nenani kuti mwasokera. Ine zanga zinatha kale."

Sindinama, ndinafuna kuwamvera. Ndinafika mpaka pachitseko. Koma kalaliki uja anafunsa kuti, "Ndiye ndi ndani wanu?" ndipo pakamwa panga panangotuluka kuti, "Malume." Ndinabwerera n'kusaina mothamanga, mpaka dzina langa lomwe linapindika.

Pobwerera, mumatatu, a Mbewe anayamba kundifunsa za mvula ya kwathu mokweza. "Chonde malume, tsitsani mawu," ndinawatsina. Tinafika ku Buruburu dzuwa likupendeka, ndipo ndinawayalira m'chipinda cha kuseri.

Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti khonsolo ingathe kumupatsa munthu bulangete, koma womuvomera kuti ndi wake ayenera kupezeka pakati pa ife. Ngati pepala lija linawerengedwa, sindidziwa mpaka lero. Ndinangoopa, osapitanso kumudzi zaka zisanu ndi chimodzi. Maliro a amayi ndinawamvera m'kalata, ndipo amene anakhala nane pamphasa kulira anali a Mbewe.